Kodi Doom Bar angafanane ndi mowa wa ofulula ang'onoang'ono?

aMbewe (Leeds):
Abale anga, ndili ndi funso kwa inu amene mumalawako. Kuntchito takangana ndi anyamata ena pa nkhani ya Doom Bar, mowa wa mtundu wa ale wotchuka kuno ku UK. Iwo akuti munthu wodziwa mowa sangamutchule n'komwe, chifukwa mwini wake ndi Molson Coors, kampani yomwe ija ya Carling. Akuti mowa weniweni ndi wa ofulula ang'onoang'ono, umene akuutcha craft. Ine ndikukana. Doom Bar akakhala watsopano, wothiridwa bwino pa pampu ya pamanja, amakoma, salemera m'mimba, ndipo munthu umatha kucheza naye madzulo onse mutu uli bwinobwino. Kodi lilime limalawa dzina la mwini kampani? Tandiuzani maganizo anu.

Wa ku Ndirande (Bristol):
Madala, ndi ulemu wonse, anyamatawo akunena zoona. Doom Bar si woipa, koma alibe chonena. Mukamwa, pakamwa pamangotsala katsekemera ka chimera, kenako zii. Ikani pambali pake Jaipur wa ku Thornbridge, kapena chilichonse chochokera ku Kernel ku Bermondsey. Musanamwe n'komwe fungo la hops, maluwa amene amapatsa mowa kuwawa ndi kununkhira, lakupezani kale m'mphuno, lina ngati malalanje, lina ngati mango. Mukameza, kuwawa kwake kumakhalitsa ndipo kumakuitanani kuti mubwereze. Kusiyana kwake ndi kwakukulu zedi.

aMbewe (Leeds):
Nanga ine ndikafuna mowa ndiye kuti ndikufuna mango?

Wa ku Ndirande (Bristol):
Ayi madala, koma ndikufuna mowa woti ndikaumwa nditatseka maso ndiuzindikire. Doom Bar simungamusiyanitse ndi ma amber ale ena ambirimbiri a m'masitolo.

Make Tadala (Plymouth):
Ndilowepo, poti ine ndimakhala pafupi ndi kwawo kwa mowawu. Sharp's inayamba mu 1994 m'kamudzi ka Rock ku Cornwall, tsidya lina la Padstow, ndipo anaiyambitsa ndi Bill Sharp. Dzina loti Doom Bar ndi la mchenga umene unaunjikana pamene mtsinje wa Camel umathira m'nyanja, pamene zombo zambiri zinasweka. Ndiye poyamba unali mowa wa ofulula ang'onoang'ono ndithu. Molson Coors inadzagula mu 2011 pa mtengo wa mapaundi 20 miliyoni, ndipo pofika 2013 Doom Bar ndiye anali cask ale (mowa wa mu mgolo wothiridwa pa pampu ya pamanja) wogulidwa kwambiri m'dziko lonse lino.

Chimene chinawapweteka mtima anthu akuno ndi china. Mu 2015 BBC inaulula kuti Doom Bar wa m'botolo sankafululidwa ku Rock ayi, koma ku Burton upon Trent, kutali kwambiri ndi Cornwall, pamene pabotolo dzina la Rock, Cornwall linali poonekera. Wa mu cask ndiye ankachokeradi ku Rock. Kuyambira pamenepo anthu ambiri amene ndimagwira nawo ntchito amasankha Tribute kapena Proper Job wa St Austell, kampani ya banja imene yakhala ikufulula kuyambira 1851.

aMbewe (Leeds):
Zikomo mayi, za Burton sindinkazidziwa. Koma ine ndikunena wa pa pampu, osati wa m'botolo.

NaBanda (Manchester):
Pamenepo ndiye mwakhudza pamene pagona nkhani, achimwene. Ine ndinagwirapo ntchito m'bala zaka zingapo, ndipo cellar, chipinda cha pansi chosungiramo migolo ya mowa, inali m'manja mwanga. Ndiloleni ndifotokoze motalikirapo, chifukwa anthu ambiri amakangana za mowa wa mu cask asakudziwa kuti theka la ntchito limachitikira pansi pa bala, osati kufakitale.

Choyamba, wa m'botolo ndi wa pa pampu ndi mowa uwiri wosiyana. Wa m'botolo ndi 4.3%, wosefedwa, wothiridwa mpweya, wokonzedwa kuti ukhale miyezi pashelefu. Wa mu cask ndi 4.0% ndipo umafika m'bala uli wamoyo, yisiti ikadali m'kati ikugwira ntchito. Inu nonse mumamudziwa Chibuku wa m'paketi: wa lero ndi wotsekemera, wa mawa wakhwima, wa mkuja wasasa. Cask ale ndi chimodzimodzi, kungoti amayenda pang'onopang'ono.

Mgolo umene mabala ambiri amalandira ndi firkin, wa magaloni 9, ndiye kuti ma pint 72. Ukafika umaugoneka pamalo pake osaugwedezanso, kuti nsenga zidikhe pansi. Kenako umaboola kachivindikiro ka pamwamba n'kuikapo kamtengo kuti mpweya wochuluka utuluke. Umadikira, umalawa, umayang'ana pa kuwala ngati wayera. Cellar iyenera kukhala pakati pa 11 ndi 13 digiri. Ukayamba kugulitsa, mpweya wa kunja umalowa m'golomo pa pint iliyonse imene wapopa, ndiye uli ndi masiku atatu okha, ukachita mwayi anayi. Kupitirira apo mowa umayamba kumveka ngati viniga kapena katoni yonyowa. Mapaipi nawo amafuna kutsukidwa sabata iliyonse.

Tsono vuto la Doom Bar ndi kutchuka kwake komwe. Amapezeka m'mabala masauzande, ndipo ambiri mwa iwo ndi mabala amene makasitomala ake amamwa lager. Pampu ya ale imakhala imodzi pakona, mgolo umatha sabata usanathe, wogulitsa sanaphunzitsidwe kanthu. Munthu ukamwa pamenepo umachoka ukunena kuti mowawu ndi wachabechabe, chonsecho wolakwa si wofulula. Pamene mowa wa ofulula ang'onoang'ono nthawi zambiri umapezeka m'mabala a eni ake okonda mowa, amene amausamala ngati mwana. Ndiye anthu amayerekeza mowa wotopa ndi mowa watsopano n'kumati ayerekeza makampani.

Wa ku Ndirande (Bristol):
Achemwali, zimenezo ndikuvomereza. Koma tiyerekeze kuti cellar ndi yanu, zonse mwachita bwino, Doom Bar ali pachimake. Pambali pake pali Landlord wa Timothy Taylor, nayenso ali pachimake. Inu mungatenge uti?

NaBanda (Manchester):
Landlord, osaganizanso kawiri.

Wa ku Ndirande (Bristol):
Basi, nkhani yatha.

NaBanda (Manchester):
Sinathe ayi. Landlord si craft mmene inu mukutanthauzira. Timothy Taylor ndi kampani yakale ya ku Keighley, ya 1858, ndipo Landlord amapezeka dziko lonse, m'masitolo akuluakulu momwe. Anapambana kanayi konse mpikisano wa Champion Beer of Britain wa bungwe la CAMRA, loteteza mowa wa mu cask. Zimenezi zikungoonetsa kuti mowa ungathe kufululidwa wochuluka n'kukhalabe ndi khalidwe lake. Komanso ndikuuzeni za ku cellar: Landlord ndi wovuta, amafuna masiku ochulukirapo kuti akhwime, ukamufulumiza amatuluka wosapsa. Doom Bar sachedwa kudikha. Mwini bala amene alibe malo kapena nthawi amasankha wosavutayo. Ndiye mbali ina ya kutchuka kwa Doom Bar inachokera kwa eni mabala, osati kwa akumwa okha.

aGama (Derby):
Moni nonse. Ine ntchito yanga ndi ya mu labu yoyeza zakudya ndi zakumwa, ndiye ndilankhulako kumbali ya makampani akuluakulu, chifukwa pali bodza limodzi limene limandivuta: loti iwo sadziwa kufulula. Amadziwa, ndipo pa luso lenilenilo amaposa ofulula ang'onoang'ono ambiri. Kutulutsa mowa wofanana ndendende mwezi ndi mwezi, pamene balere wa chaka chino ndi wosiyana ndi wa chaka chatha, hops nawonso asintha ndi nyengo, ndi ntchito yovuta kwambiri. Mowa wofatsa ngati Doom Bar kapena lager ulibe pobisala. Pakalowa kachilema kakang'ono, kafungo ka batala kaja kotchedwa diacetyl kapena ka chimanga chophika, aliyense amva. Pamene IPA, ale wodzaza hops, amakwirira zolakwika zambiri.

Ndipo sayansi yambiri imene a craft akugwiritsa ntchito lero inachokera kwa akuluakuluwo. Munthu woyamba kupatula yisiti ya mtundu umodzi yoyera anali Emil Christian Hansen mu labu ya Carlsberg ku Copenhagen mu 1883. Muyeso wa asidi wotchedwa pH unayambira mu labu yomweyo mu 1909, ndi Sørensen. Amene munaphunzira masamu a kafukufuku mukuidziwa t-test: anaipeza ndi William Gosset, wogwira ntchito ku Guinness ku Dublin, mu 1908.

Ine ndagulapo zitini za ofulula ang'onoang'ono ena, sinditchula maina, zodula ndithu, n'kupeza mowa utalowa mpweya mpaka kusanduka wabulauni, china chitafufuma chifukwa yisiti inapitiriza ntchito m'chitini. Zimenezo kufakitale yaikulu sizingatuluke pageti.

Wa ku Ndirande (Bristol):
Bwana Gama, ndiye ngati luso ali nalo, bwanji mowa wawo ulibe moto?

aGama (Derby):
Chifukwa sanawatume moto. Wofulula wa kampani yaikulu amauzidwa kuti apange mowa umene anthu ochuluka sangaukane, pa mtengo wakutiwakuti. Hops ndiye chinthu chodula m'maphikidwe, makamaka mitundu ya ku America monga Citra ndi Mosaic. Hazy IPA amadya hops wochuluka kangapo kuposa bitter wamba, ale wofatsa ngati Doom Bar, ndipo hops ameneyo amamwa mowa wina n'kutayika nawo limodzi. Ukachulukitsa zimenezo ndi malita mamiliyoni, owerengera ndalama amakana. Ndiye yankho langa kwa aMbewe ndi ili: pa ukhondo ndi kusasinthasintha, Doom Bar amaposa ambiri. Pa kukoma kokumbukika, sanapangidwire mpikisano umenewo.

Mjomba (Luton):
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ife tinakula ndi Carlsberg wa ku Blantyre, fakitale imene inatsegulidwa mu 1968, yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark. Munthu unkangonena mtundu wa pepala, Green kapena Brown, wogulitsa n'kumva. Nditabwera kuno ndinadabwa kuona mowa wosazizira kwenikweni, wa thovu lochepa, akuupopa ndi dzanja. Amene anandilowetsa m'dziko la ale ndi mowa wofatsa ngati umene aMbewe akunenawu. Akanandipatsa zowawa za mwana wa ku Ndirandezi tsiku loyamba, ndikanabwerera ku lager mpaka lero. Ndiye musaunyoze mowa umene umatsegulira anthu khomo.

Chachiwiri ndi thumba. Ambiri pagulu pano tili ndi sukulu fizi kumudzi, tili ndi makolo oti tiwatumizire. Chitini chimodzi cha craft m'sitolo za mowa wapadera nthawi zina chimadula kuposa pint ya ale m'mabala otchipa a Wetherspoon. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

aMbewe (Leeds):
Mwanena bwino atsibweni.

Wa ku Ndirande (Bristol):
Atsibweni, pa mtengo sinditsutsa. Koma tifunsenso chifukwa chake wamkulu amatchipa ndipo amapezeka paliponse. Si kukoma kokha. Mabala ambiri kuno ali pa mgwirizano woti azigula mowa kudzera kwa mwini nyumba. Heineken yokha, kudzera ku Star Pubs, ili ndi mabala oposa 2,000. Kampani yaikulu imatha kuuza mwini bala kuti tikuikira mapaipi ndi makina oziziritsa, koma mipopi iyi ndi yathu. Wofulula wamng'ono wa m'tauni momwemo amatsala panja, ngakhale mowa wake utakoma chotani. Boma linayesapo mu 1989 ndi malamulo a Beer Orders kuchepetsa mphamvu za ofulula akuluakulu pa mabala, koma mabala aja anangogwera m'manja mwa makampani ena a nyumba za mowa.

Chimene chinathandizadi ang'onoang'ono ndi msonkho. Mu 2002 Gordon Brown, ali nduna ya zachuma, anadula msonkho ndi theka kwa ofulula osapitirira ma hectolitre 5,000 pachaka. Kuchokera apo ofulula anachuluka kuchoka pa mazana ochepa mpaka kuyandikira 2,000. Thornbridge inatulutsa Jaipur mu 2005, BrewDog inayamba mu 2007 ku Fraserburgh, Kernel mu 2009. Akuluakulu ataona kuti achinyamata akuthawira kumeneko anayamba kugula. Meantime inapita kwa SABMiller mu 2015, kenako kwa Asahi. Camden Town nayo inapita kwa AB InBev mu 2015. Heineken inalowa mu Beavertown mu 2018 n'kuitenga yonse mu 2022. Lero munthu amaima pa bala n'kuona mipopi khumi ya maina osiyanasiyana, kumaganiza kuti akusankha, chonsecho ndalama yake ikupita kwa makampani awiri kapena atatu.

Make Tadala (Plymouth):
Ndipo si ale yekha. Madrí amene anthu akumwa ngati wochokera ku Spain uja ndi wa Molson Coors, amafululidwa kuno konkuno.

aMbewe (Leeds):
Ameneyo ndikumudziwa mayi, ku Tadcaster, pafupi ndi kuno. Koma mwana wa ku Ndirande wasintha funso. Ine ndinafunsa za kukoma, iye akuyankha za umwini.

NaBanda (Manchester):
Mafunsowo ndi awiri, achimwene, koma amakumana patsogolo. Tsiku limene kampani yagulidwa mowa susintha. Ofulula ndi omwewo, miphika ndi yomweyo. Umasintha pambuyo pake, pamene eni atsopano aganiza zoufululira kwina kapena kutseka fakitale. Taonani Dark Star, eni ake a Hophead. Fuller's inaigula mu 2018, Asahi n'kugula mbali ya mowa ya Fuller's mu 2019 pa mapaundi 250 miliyoni, ndipo mu 2022 fakitale ya Dark Star ku Sussex inatsekedwa, mowa n'kusamutsidwira ku London. Madzi ena, miphika ina, manja ena. Dzina pa pampu ndi lomwelo.

Mjomba (Luton):
Ndipo Carlsberg yathu yomwe ija ilimo m'nkhaniyi. Mu 2020 inaphatikiza mowa wake ndi wa Marston's, ndipo mu 2024 inagula gawo lonse lotsala. M'zaka zimenezi anatseka Jennings ku Cockermouth, Wychwood ya Hobgoblin, Ringwood, kenako analengeza zotseka Banks's ku Wolverhampton. Awa anali malo ofululira mowa amene matauni awo ankanyadira. Kwathunso Carlsberg inagulitsa gawo lake kwa Castel mu 2016. Makampani awa amayenda ndi masamu, sayenda ndi chikondi cha malo.

aGama (Derby):
Atsibweni akumbutsa chinthu chimene chinandikhudza ine kwambiri, poti Burton ndi pafupi ndi kuno. Ku Marston's kunali njira yakale yowiritsira mowa yotchedwa Burton Union: migolo ya matabwa yondandalikidwa, yolumikizidwa ndi mapaipi okhota ngati khosi la tsekwe, yisiti imatuluka ndi thovu kukwera m'chomwera chapamwamba, mowa n'kubwerera m'golo. Pedigree ankafululidwa mmenemo. Kumayambiriro kwa 2024 anaisiya, akuti ndi yodula kusamala. Mukudziwa amene anatenga gawo lina la migoloyo kuti isafe? Thornbridge, omwe aja a Jaipur. Ndiye wamng'ono ndi amene akusunga mwambo umene wamkulu anautaya. Pamenepa ndili kumbali ya mwana wa ku Ndirande.

Koma kuti chilungamo chioneke, pali ale wa kampani yaikulu amene ine ndingamuike patebulo limodzi ndi craft aliyense: Draught Bass. Dzina ndi la AB InBev, kampani ya mowa yaikulu kuposa zonse padziko, ndipo wakhala akufululidwa pa mgwirizano ku fakitale ya Marston's ku Burton. Bass inayamba mu 1777, ndipo chizindikiro chake chofiira cha makona atatu chija ndicho choyamba kulembetsedwa mwalamulo m'dziko lino, mu 1876. Madzi a ku Burton ali ndi gypsum wambiri, amene amachititsa kuti kuwawa kwa hops kumveke kouma ndi koyera, mpaka ofulula a kwina amathira mchere umenewu m'madzi awo potsanzira. Bass wosungidwa bwino ali ndi kuya kumene Doom Bar alibe. Chimodzimodzi ESB wa Fuller's, amene akufululidwabe ku Chiswick pansi pa Asahi. Ndiye yankho la funso loti ale wa kampani yaikulu angafanane ndi craft ndi inde, angathe. Kungoti amene amathawo nthawi zambiri ndi maphikidwe akale amene kampaniyo inawapeza n'kuwasiya osawakhudza.

aZimba (Cape Town):
Moni a ku Ulaya. Kuno nkhani yake ndi yomweyo. SAB, kampani yaikulu ya mowa kuno ku South Africa, ili ndi Newlands Spring Brewing, amatulutsa Jacob's Pale Ale, ndipo munthu wosadziwa angaganize kuti ndi kakampani kakang'ono. Mowawo ndi wabwino ndithu, woyera, wosavuta kumwa. Koma ndikauika pambali pa King's Blockhouse IPA wa Devil's Peak, umamveka wamanyazi. Chimene chinakwiyitsa anthu ndi cha 2017. AB InBev itatenga SABMiller, eni ake a SAB, inatenganso minda ya hops ya ku George, ndipo ofulula ang'onoang'ono a ku America amene ankagula mitundu monga Southern Passion ndi African Queen anauzidwa kuti chaka chimenecho sapeza. Kampani inati zokolola zinachepa. Kaya chifukwa chinali chiti, anthu anaona kuti wamkulu akagwira munda, wamng'ono amadya zotsala.

Wa ku Ndirande (Bristol):
Mwamva madala? Ndi chifukwa chake ine ndimayang'ana mwini ndisanagule. Ku America bungwe la Brewers Association linaika malire: wofulula wa craft asapitirire migolo 6 miliyoni pachaka, ndipo kampani yaikulu ya mowa isakhale ndi gawo lofika 25% mwa iye. Kuno kulibe lamulo lotero, aliyense angalembe craft pachitini. N'chifukwa chake SIBA, bungwe la ofulula oima paokha, inayambitsa chizindikiro cha Indie Beer mu 2024, kuti wogula adziwe.

Anamwino (Coventry):
Ine sindilowerera za kukoma, koma pali mbali imene simunaitchule. Pint ya mowa wa 4% ili ndi ma unit 2.3, muyeso wa kuchuluka kwa alcohol. Chitini cha 440ml cha double IPA wa 8% chili ndi ma unit 3.5. Malangizo a zaumoyo kuno amati munthu asapitirire ma unit 14 pa sabata, mwamuna kapena mkazi. Zitini zinayi zoterozo ndiye kuti sabata yatha. Achinyamata ambiri amamwa craft wamphamvu ngati akumwa juwisi chifukwa amatsekemera ndipo amanunkhira zipatso. Pa mbali imeneyi mowa wa aMbewe uli ndi ubwino wake weniweni. Ndipo amene mukuyendetsa galimoto kapena muli ndi shifiti ya m'mawa, chonde, ngakhale wa 4% yemweyo muwerengereni.

Wa ku Ndirande (Bristol):
Zoona mayi. Koma craft si wamphamvu yense. Kernel ali ndi Table Beer wa cha m'ma 3%, ndipo ali ndi fungo ndi kukoma kuposa ma ale ambiri a 4%. Umenewo ndiwo umboni wanga waukulu: mphamvu yochepa si chifukwa choti mowa ukhale wopanda kanthu.

aGama (Derby):
Pamenepo wanena zoona. Mowa wa 3% wokoma ndi mayeso ovuta kwa wofulula aliyense.

aMbewe (Leeds):
Ndamva zonse, ndipo za mafakitale otsekedwa zandikhudza. Koma pa kukoma sindinasunthe kwenikweni. Mukuti Doom Bar alibe chonena. Ine pambuyo pa shifiti ya maola 12 sindifuna mowa wolankhula kwambiri. Ndimafuna wofatsa, wa chimera chomveka, wowawa pang'ono kumapeto, woti ndicheze ndi anzanga osati kucheza za mowawo. Bitter wa ku England anapangidwira zimenezo kuyambira kale, anthu a m'migodi ndi m'mafakitale ankamwa akaweruka. Hazy IPA ndinamulawa, woyamba amakoma, wachiwiri amanditopetsa pakamwa.

NaBanda (Manchester):
Achimwene, apo ndiye mwafotokoza bwino chimene mumafuna, ndipo palibe cholakwika. Kungoti mukuyerekeza mitundu iwiri yosiyana. Doom Bar musamuyerekeze ndi hazy IPA, muyerekezeni ndi anzake a mtundu umodzi. Inu muli ku Yorkshire, kwawo kwa bitter. Boltmaker wa Timothy Taylor ndi 4.0% ngati Doom Bar yemweyo, ndipo anapambana Champion Beer of Britain mu 2014. Pali Black Sheep Best Bitter ndi Theakston Best, onse a ku Masham. Onsewa ndi ofatsa mmene mukufunira, sadzakutopetsani pakamwa, koma mudzamva kusiyana kumapeto kwa kumeza: Doom Bar amathera ku kutsekemera, awa amathera kouma, ndipo kuuma kumeneko ndiko kumakupangitsani kufuna kumwanso.

Make Tadala (Plymouth):
Ndipo mukadzabwera kuno kummwera, mulawe Tribute pa pampu. Ndi 4.2%, wopepuka, wa kafungo ka malalanje pang'ono chabe. Amene akufuna zamphamvu za mwana wa ku Ndirande, Verdant ali ku Penryn, ku Cornwall komweko.

aMbewe (Leeds):
Boltmaker ndimamuona pa mipopi koma sindinamuyesepo. Tsono achemwali, munati theka la nkhani ndi cellar. Ine ndili kutsogolo kwa bala, cellar sindikuiona. Ndingadziwe bwanji kuti pano mowa amausamala?

NaBanda (Manchester):
Yambani ndi maso musanaitanitse. Onani ngati anthu ena akumwa ale. Mukaona matambula onse ali ndi lager ndi cider, pampu ili yokhayokha, dziwani kuti mgolo umenewo wakhalitsa. Bala la mapampu atatu othamanga limaposa la mapampu khumi ogona. Pakhomo yang'anani chikwangwani cha Cask Marque, amenewo amayendera mabala kuyeza kuzizira, maonekedwe, fungo ndi kukoma kwa mowa. Bala lolembedwa m'buku la CAMRA la chaka chimenecho nalonso nthawi zambiri silikhumudwitsa.

Kenako pemphani kulawa pang'ono. Ndi mwambo wovomerezeka pa cask ale, wogulitsa wabwino sakana. Bitter ayenera kukhala woyera moti mukuona zala zanu kuseri kwa tambula, wozizira pang'ono osati wofunda, ndipo pa lilime pazimveka timpweya tofewa. Akamveka viniga, bwezani mwaulemu, adzakusinthirani. Masiku abwino ndi Lachisanu ndi Loweruka, pamene migolo ikutha msanga. Lolemba masana pint yoyamba imakhala itagona m'paipi usiku wonse ngati wogulitsa sanaitaye.

Chomaliza, funsani ngati ndi cask weniweni. Mu 2024 Carlsberg Marston's inayamba kugulitsa mowa wotchedwa Fresh Ale, umene umathera kufakitale, mulibe yisiti yamoyo, koma umathiridwa pa pampu ya pamanja yomweyo. CAMRA inadandaula kwambiri kuti zimenezo zikusokoneza ogula, chifukwa kuyambira kale pampu ya pamanja imatanthauza cask.

aMbewe (Leeds):
Nanga za thovu? Kuno ku Leeds amathira la kirimu lokhuthala, koma nditapita ku London anandipatsa wopanda thovu kwenikweni, ndinaganiza kuti ndi wakale.

NaBanda (Manchester):
Sanali wakale. Kumpoto kuno timaika kachipangizo kotchedwa sparkler kukamwa kwa mpopi, kali ndi timabowo ting'onoting'ono. Mowa ukamadutsa mmenemo umasweka n'kupanga thovu lokhuthala, ndipo kuwawa kwina kumasamukira m'thovumo, ndiye mowa umamveka wofewa. Kummwera ambiri sagwiritsa ntchito, mowa umatuluka ndi thovu lochepa koma wowawirapo ndi wa mpweya wochulukirapo. Ma bitter a ku Yorkshire anapangidwa poganizira sparkler. Mukafuna kuyerekeza Doom Bar ndi Boltmaker mwachilungamo, pezani bala limene lili ndi onse awiri, mutenge theka la pint la aliyense, muwauze athire mofanana, ndipo muyambe ndi Doom Bar chifukwa ndiye wofatsa kwambiri.

aMbewe (Leeds):
Chabwino achemwali. Loweruka ndili pa ofu, ndikayang'ana bala lotero m'tauni.